Funsani Wam'kati: K27 miliyoni yongoyesera pulogalamu, si kuba masanasana kumeneku?

Makalata a mwezi uno anali ambiri. Ena akufunsa za foni yotentha pochaja, ena za mwana amene wamaliza bandulo ya mwezi wonse m'masiku 3. Amenewo ayambe adikira. Ndasankha atatu amene akhudza ntchito imene imandidyetsa: kwa zaka 14 tsopano ndimalipidwa kuti ndizithyola mapulogalamu a anthu ena asanafike m'manja mwa makasitomala. Amayi anga kumudzi mpaka lero amauza anthu kuti ndimakonza makompyuta. Ndinasiya kuwatsutsa.

FUNSO: Bambo, ndine wapampando wa bodi ya SACCO ina kuno ku Limbe. Tili ndi mamembala pafupifupi 40,000, ambiri ndi aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'mafakitale. Tikufuna azitha kuona masheya awo, kupempha ngongole ndi kubweza pa foni osabwera kudzaima pa mzere. Kampani imene tasankha yatipatsa koteshoni ya K90 miliyoni, ndipo mwa ndalama zimenezi K27 miliyoni alemba kuti ndi yoyesera pulogalamuyo. Anzanga mu bodi akuti tiichotse. Mmodzi anachita kunena kuti kalipentala akakhoma mpando sitimulipira padera kuti aukhalire. Chimene chandisokoneza kwambiri n'chakuti nditawafunsa a kampaniwo ngati akamaliza kuyesa pulogalamuyo sidzalakwitsanso, anakana kulonjeza. Nanga tikulipira chiyani?
Mayi wa ku Limbe

YANKHO: Mayi, a kampani amene anakana kulonjezawo musawataye. Muziopa amene angakuuzeni kuti ayesa zonse. Katswiri wina wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, analemba kale mu 1970 kuti kuyesa kumatha kuonetsa kuti cholakwika chilipo, koma sikungaonetse kuti palibe. Kuchokera nthawi imeneyo makompyuta athamanga kwambiri, koma mawu akewo palibe wawagwetsa.

Tiyeni tiwerenge limodzi, pakuti inu a SACCO manambala ndi chakudya chanu. Titenge tsamba limodzi lokha, lopemphera ngongole. Tinene kuti muli ndi magulu 4 a mamembala, mitundu 6 ya ngongole, ndipo nthawi yobweza munthu amasankha kuyambira mwezi umodzi mpaka miyezi 12. Mboni yake ikhoza kukhala yopanda ngongole, ya ngongole imene ikubwezedwa bwino, kapena yobweza mochedwa, ndiye mitundu 3. Netiweki ndi ziwiri, ya manambala oyamba ndi 088 ndi ya 099. Zilankhulo tinene 3, Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi. Mafoni amene mamembala anu ali nawo, kuyambira ka itel ka mabatani mpaka Samsung ya abwana, tingotenga mitundu 30. Mukachulukitsa zonsezi mupeza njira 155,520 zosiyana zimene tsamba limodzili lingadzazidwire. Mtsikana wochangamuka amene ndimagwira naye ntchito yoyesa amatenga mphindi 5 kuyesa njira imodzi ndi manja. Ndi maola 12,960 amenewo, zaka zopitirira 6 akubwera ku ntchito tsiku lililonse la ntchito, osadwala, osapita ku maliro. Ndipo akangomaliza, wolemba pulogalamu asintha mzere umodzi, zonse n'kuyambiranso.

Apa ndi pamene fanizo la mpando likuperewera. Mpando ukaukhalira kamodzi wauona. Pulogalamu yanu ikufanana ndi mabelo a fodya pa okushoni ku Limbe konkuno: wogula sangamasule tsamba lililonse m'belo lililonse, msika ungathe chaka. Amasolola pang'ono apa, pang'ono apo, ndipo luso lake lagona podziwa posolola, chifukwa mlimi wachinyengo sabisa zinyalala pamwamba. Ndalama mukulipirayo mbali yake yaikulu ndi ya luso lodziwa posolola.

Luso limeneli lili ndi masamu ake. Bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linafufuza zolakwika za m'mapulogalamu enieni, kuphatikizapo a zipangizo za m'chipatala, ndipo linapeza kuti zambiri zimabwera chifukwa cha chinthu chimodzi kapena ziwiri zikakumana, ndipo sanapeze chimene chinafuna zinthu zoposa 6 kuti chionekere. Choncho m'malo moyesa njira zonse, timasankha njira zoti chinthu chilichonse chikumane ndi chinzake chilichonse kamodzi. Pa tsamba lanu lija, njira 155,520 zimatsika kufika pa 400 kapena kuchepera. Zaka 6 zasanduka sabata imodzi. Sitinayese zonse, ndipo sitinama kuti tayesa zonse, koma khoka talikokera pamene pali nsomba.

Tsopano za kuchuluka kwa anthu. Ambiri amaganiza kuti kuyesa ngati pulogalamu ingapirire anthu 40,000 kumafuna makompyuta odzaza chipinda. Ayi. Anthu 40,000 sabwera onse nthawi imodzi. Funso lenileni ndi lakuti chimachitika n'chiyani pa maola awiri aja uthenga ukangomveka m'masitafu rumu kuti malipiro alowa. Tinene kuti anthu 10,000 alowa m'maola awiriwo ndipo aliyense wadina kasanu ndi kamodzi. Ndi zopempha 60,000 pa masekondi 7,200, kutanthauza 8 kapena 9 pa sekondi. Muchulukitse kasanu poganizira mphindi zoipitsitsa, mufika pa 40 ndi kanthu. Laputopu imene ndikulembera pano ikhoza kunamizira khamu lotere, pogwiritsa ntchito zida monga JMeter kapena Locust zimene sizigulitsidwa n'komwe. Choncho akakuuzani kuti ndalama yambiri ikupita ku layisensi ya chida chopangira khamu, afunseni kawiri.

Zodula zenizeni zili kwina, ndipo zina ndinaziphunzira ndi misozi.

Zaka zingapo zapitazo ndinali pa ntchito yofanana ndi yanuyi, ku bungwe lina lobwereketsa ndalama limene sindilitchula. Tinayesa kwa masabata 3, mayeso onse ankapambana. Koma mayina amene tinkayesera anali opeka, Test One, Test Two, onse obadwa tsiku looneka bwino, onse a nambala ya foni yolembedwa mofanana. Tsiku lotsegulira, isanakwane 9 koloko, kalaliki wa ku nthambi ina anaimba kuti pali bambo amene makina akumukana. Dzina lake linali ndi kachizindikiro kaja timalemba mu Ng'oma kapena M'bwana. Pulogalamu inaona kachizindikiroko ngati mapeto a lamulo, n'kusokonezeka. M'dziko la anthu a mayina otere, ife akatswiri tinayesera mayina a m'mabuku a azungu. Titatsegula kaundula weniweni tinapezamonso manambala ena oyamba ndi +265, ena ndi 0, ena olembedwa awiri m'bokosi limodzi, ndi agogo ochuluka modabwitsa obadwa pa 1 Januwale.

Limenelo linali phwando chabe. Kumapeto kwa mwezi netiweki inayamba kukoka miyendo. Munthu akatumiza ndalama yobweza ngongole, uthenga wotsimikiza unkachedwa, ndiye ankachita zimene inu ndi ine timachita: kudinanso. Pulogalamu inkawerenga kudina kwachiwiriko ngati kulipira kwina. Anthu oposa 200 anadulidwa kawiri. Ndinakhala Loweruka ndi Lamulungu mu ofesi ndi rula ndi mapepala, kufananiza mzere ndi mzere, chakudya chili tchipisi cha pa chiwaya. Mayi wina anabwera Lolemba kuchokera ku Bangwe, ndalama imene inadulidwa kawiriyo inali ya fizi. Nkhope yake sindinaiiwale. Cholakwikacho sichikanaoneka pa tebulo la mu ofesi pamene intaneti imathamanga ngati mphepo. Chinkafuna munthu woti aganize zochedwetsa dala netiweki, n'kudina kawiri.

Choncho chodula choyamba ndi anthu oganiza zoipa. Chachiwiri ndi kukonza kaundula woyesera amene ali wauve ngati weniweni. Simungangokopera mayina, manambala a ziphaso ndi ngongole za mamembala anu n'kupatsa anyamata a kampani pa fulashi, chifukwa dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta. Kaundulayo ayenera kusinthidwa kuti munthu asadziwike, koma uve wake utsale. Ntchito imeneyi imadya masiku.

Chachitatu ndi malo oyesera ofanana ndi enieni, ndipo apa ndi pamene akuluakulu amagwera. Mu Epulo 2018 banki ya TSB ya ku Britain inasamutsira makasitomala ake oposa 5 miliyoni ku pulogalamu yatsopano. Pafupifupi 1.9 miliyoni analephera kulowa m'maakaunti awo, ena anaona ndalama za anthu ena. Ofufuza anapeza kuti banki inali ndi nyumba ziwiri za maseva (makompyuta akuluakulu oyendetsa pulogalamu) zimene zinayenera kukhala zofanana koma sizinali, ndipo kuyesa kulemera kwa khamu kunachitikira pa imodzi yokha. Chisokonezocho chinawadyera mapaundi 330 miliyoni, mkulu wa bankiyo Paul Pester anatula pansi udindo, ndipo mu Disembala 2022 analipitsidwanso chindapusa cha mapaundi oposa 48 miliyoni. Amenewa sanali osauka kapena opanda akatswiri. Anangoganiza kuti mapasa amafanana mpaka mumtima.

Kwa inu, malo oyeserawa mwina achita lendi pa intaneti, ku maseva a ku Cape Town kapena Johannesburg, ndipo lendi yake ndi ya madola. Mukukumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2023 kwacha itatsika ndi 44 peresenti: koteshoni iliyonse yokhala ndi dola m'kati inadzuka itanenepa. Ubwino wake maseva amenewa amalipidwa pa ola. Muwauze ayatse pa masiku oyesera ndi kuzimitsa akamaliza. Ndinaonapo bilu ya miyezi 4 ya seva imene aliyense ankaganiza kuti mnzake anazimitsa.

Pali chinthu china chimene ndalama iliyonse singakugulireni. Pulogalamu yanu idzalankhula ndi makampani a foni ndi banki. Iwo amapereka khomo loyesera, koma salola kuti muwathire khamu lonamizira, ndipo khomo loyeseralo silichita zimene lenileni limachita pa 28 wa mwezi madzulo. Simungayesenso mlongoti wa netiweki wa ku Machinjiri magetsi atazima mvula ili pakati. Pamenepa kuyesa kwafika pa malire ake, ndipo nzeru yotsala ndi kulowa m'madzi ndi phazi limodzi.

Pa 19 Julayi 2024 kampani ya CrowdStrike, yopanga pulogalamu yoteteza makompyuta, inatumiza kafayilo kakang'ono ku makompyuta onse a makasitomala ake nthawi imodzi. Kafayiloko kankafuna zinthu 21, pomwe pulogalamu inali ndi 20 zokha. Anazindikira n'kukabweza patatha mphindi 78, koma madzi anali atatayika: malinga ndi Microsoft, makompyuta 8.5 miliyoni a Windows anagwa, ndege zinaima, zipatala zinabwerera ku mapepala. Kafayiloko kanadutsa pa chida chawo choyesera, chimene nachonso chinali ndi cholakwika. Akanayamba ndi makompyuta ochepa n'kudikira ola limodzi, nkhaniyi bwenzi ikudziwika ndi anthu a mu ofesi mwawo okha. Pambuyo pake analonjeza kuti azitumiza pang'onopang'ono.

Ndiye maganizo anga ndi awa. K27 miliyoni pa K90 miliyoni ndi 30 peresenti, ndipo pa pulogalamu yogwira ndalama za anthu chiwerengero chimenechi sichikundidzidzimutsa. Chimene sindingalole ndi kulipira mawu amodzi akuti "kuyesa". Auzeni aiphwanye: anthu angati, masiku angati, lendi ya maseva zingati. Akupatseni mndandanda wa zimene adzayese, komanso, chofunika kuposa, wa zimene sadzayesa, kuti bodi isainire ikudziwa. Pa mndandanda woyambawo pakhale kudina kawiri, netiweki kuduka pakati pa kulipira, magetsi kuzima seva ikulemba, chiwongoladzanja cha mwezi wa Febuluwale wa masiku 29, ndi kubwezeretsa kaundula kuchokera pa kope losungidwa. Chomalizachi musangomva, mukaone ndi maso anu. Mabungwe ambiri amasunga kope usiku uliwonse koma sanayesepo kulitsegula.

Ngati bodi ikufunabe podula, dulani pa kuyesa maonekedwe, mitundu ya mabatani ndi malipoti amene amawerengedwa kamodzi pa chaka. Ndipo mu kontrakiti mulembe kuti mwezi woyamba alowe mamembala 500 okha, a nthambi imodzi, mabuku akale akuyendabe pambali, ndipo adutse kumapeto kwa mwezi kumodzi musanawonjezere ena. Gawo lomaliza la malipiro a kampaniyo lidikire kumapeto kwa mwezi kwachiwiri. Tsiku limene adzabwere kudzakuonetsani pa pulojekita zonse zikuyenda bwino, mukumbukire chikomekome cha mkuyu. Mupemphe foni ya mlonda wa pa geti, muyesere pamenepo.

FUNSO: Achimwene, ndili chaka chachitatu ku MUBAS ndipo ndikuchita pulojekiti ya kumapeto kwa chaka. Mnzanga akuti makampani ngati Google amayesa chilichonse nthawi iliyonse chifukwa ali ndi ndalama, ndipo ife timalephera chifukwa cha umphawi basi. Komanso ndikufuna kuti mayeso anga akhudze mzere uliwonse wa pulogalamu, 100 peresenti. Kodi ndikafika pamenepo ndatha?
Wophunzira wa ku Chitawira

YANKHO: Mphwanga, mnzakoyo umuuze kuti ngakhale Google inagonja. Mu 2016 akatswiri awo analemba kuti nkhokwe yawo imodzi ya mapulogalamu inali ndi mizere pafupifupi 2 biliyoni. Mu 2017 ena a komweko anafotokoza kuti makina awo ankayendetsa mayeso 150 miliyoni pa tsiku, ndipo ngakhale ndi maseva onse ali nawo, sakanatha kuyesa kusintha kulikonse pakokha. Ankaunjika zosintha zambiri n'kuziyesera pamodzi, monga minibasi ya ku Chirimba imene sinyamuka isanadzaze. Vuto lake ukulidziwa: mayeso akalephera, uyenera kufufuza kuti mwa okwera onsewo wabweretsa vuto ndi ndani. Chifukwa chake n'chosavuta. Antchito akachuluka, zosintha zimachuluka ndipo mayeso nawonso amachuluka, ndiye ntchito yoyesa imakula ngati ziwirizi zitachulukitsidwa, pomwe ndalama zogulira maseva zimangowonjezeka pang'onopang'ono.

Pali matenda ena amene sungawaone pa pulojekiti yako ya mayeso 60. Mayeso ena amapambana lero, mawa n'kulephera, popanda wasintha kanthu, mwina chifukwa seva inachedwa pang'ono kapena mayeso awiri analimbirana fayilo imodzi. Google inanena mu 2016 kuti pafupifupi 1.5 peresenti ya mayeso oyendetsedwa ankapereka zotsatira zosakhazikika zotere, ndipo pafupifupi 16 peresenti ya mayeso awo anali ndi kamkhalidwe kameneka. Kwa iwe 1.5 peresenti ndi yeso limodzi, ungolibwereza. Ukaika pa mamiliyoni aja, ndi mabelu abodza osawerengeka tsiku lililonse, ndipo galu akamauwa usiku uliwonse popanda chifukwa, tsiku la wakuba palibe amadzuka. Mtengo waukulu wa kuyesa pa mlingo umenewo ndi nthawi ya anthu yofufuza ngati belu lalira zoona.

Facebook inatenga njira ina. Mu 2018 inalengeza kuti inaphunzitsa kompyuta, kuchokera pa mbiri ya zolakwika zakale, kulosera mayeso amene angagwire vuto pa kusintha kulikonse. Ankayendetsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mayeso okhudzidwa, n'kumagwirabe zoposa 99.9 peresenti ya zosintha zoipa. Taona, naonso akusolola m'belo.

Amene anayandikira kuyesa zonse ndi kagulu kakang'ono ka SQLite, kapulogalamu kosunga zinthu kamene kali m'foni yako ya Android ngakhale sukukaona. Eni ake, motsogozedwa ndi Richard Hipp, amanena kuti mizere ya mayeso awo imaposa ya pulogalamu yeniyeniyo maulendo pafupifupi 590, ndipo amatsata muyezo wofanana ndi wa mapulogalamu a mu ndege. Zimatheka chifukwa kapulogalamuko n'kakang'ono, kamasintha mosamala, ndipo kali m'zipangizo mabiliyoni, choncho khama lake limabweza. Ngakhale choncho anthu amapezamobe zolakwika.

Za 100 peresenti yakoyo, ifike ngati ungathe, udzaphunzira zambiri. Koma chiwerengerocho chimangonena kuti mzere uliwonse unapondedwa, osati kuti unafunsidwa funso loyenera. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika patangotha masekondi pafupifupi 40 itanyamuka ku Kourou, ku South America. Mbali ya pulogalamu yake inatengedwa ku Ariane 4, kumene inagwira bwino ntchito zaka zambiri. Roketi yatsopanoyo inkathamanga cham'mbali mofulumira kuposa yakale, nambala ina inakula kuposa 32,767 imene kabokosi kake kakanatha kusunga, kompyuta n'kuzima. Kompyuta yachiwiri yodikirira inali ndi pulogalamu yomweyo, ndiye inafa imfa yomweyo. Mizere inali yoyesedwa bwino, koma ndi manambala a ulendo wa roketi ina.

Pa pulojekiti yako, ukamaliza kulemba mayeso, chita ichi: lowa mu pulogalamu, sintha dala chizindikiro chimodzi, pamene pali kuphatikiza uike kuchotsera, kenaka yendetsa mayeso. Akapambana onse, mayeso akowo ndi alonda ogona. Ukachita kakhumi n'kulemba zotsatira mu lipoti, aphunzitsi ako adzakuyang'ana ndi diso lina. Ndipo ukamaliza sukulu undipeze, oyesa abwino ndi osowa mu mzinda muno kuposa olemba.

FUNSO: Bambo, ndimagulitsa mu shopu ina ku Ndirande. Abwana anaika pulogalamu pa tabuleti yolembera zogulitsa ndi katundu. Miyezi iwiri yotsatizana yaonetsa kuti ndaperewera, koyamba K38,000, kachiwiri K47,000, ndipo andidula pa malipiro. Ine sindinabe. Abwana akuti pulogalamuyi ikugwiritsidwa ntchito m'mashopu ambirimbiri ndipo inayesedwa, kompyuta sinama. Kodi n'zoona?
Mtsikana wa ku Ndirande

YANKHO: Chemwali, sindinaone mabuku a shopu yanu, ndiye sindingalumbire kuti vuto ndi pulogalamu. Koma mawu akuti kompyuta sinama ndi abodza, ndipo anawononga miyoyo ya anthu.

Ku Britain, Post Office inaika pulogalamu yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi Fujitsu, m'nthambi zake zikwizikwi kuyambira 1999. Inayamba kuonetsa kuti ndalama zikuperewera m'nthambi zina. Oyang'anira nthambizo akadandaula, ambiri ankauzidwa kuti vutoli ali nalo ndi iwo okha. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 anazengedwa milandu ya kuba kapena chinyengo. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sanatenge, ena anadzipha. Mu 2019, pa mlandu wa anthu 555 otsogozedwa ndi Alan Bates, khothi lalikulu linapeza kuti pulogalamuyo inali ndi zolakwika zimene zikanatha kubweretsa kuperewera kotere. Mu 2024 nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lapadera lofufuta milanduyo.

Mfundo ya abwana anu yakuti ikugwiritsidwa ntchito m'mashopu ambiri imagwira mbali zonse ziwiri. Tiyerekeze pulogalamu imene imalakwitsa kamodzi pa malonda 100,000. Woyesa amene anayesa malonda 5,000 mwina sanachione n'komwe, ndipo analemba ndi mtima woyera kuti zonse zili bwino. Koma ngati mashopu onse pamodzi amalemba malonda 2 miliyoni pa tsiku, ndiye kuti tsiku lililonse cholakwikacho chimagwera anthu 20, ndipo aliyense wa iwo ali yekha m'shopu mwake, akuganiza kuti wapenga. Zolakwika zotere zimakondanso malo amodzi. Ngati chimabwera netiweki ikaduka pakati pa kulemba, shopu ya pamalo ovuta netiweki idzachiona mobwerezabwereza pomwe ya pa Victoria Avenue sinachionepo.

Gulani kope la masamba 40. Kuyambira mawa lembani ndi cholembera chilichonse mwagulitsa, nthawi yake ndi ndalama yake, ndipo muike kanyenyezi paliponse pamene tabuleti inazungulira nthawi yaitali, inazima, kapena munadina kawiri. Madzulo muwerenge ndalama pamaso pa mnzanu, asaine, ndipo mujambule ndi foni chiwerengero cha pa tabuleti musanatseke. Mufunsenso mwaulemu kuti ndani wina ali ndi pasiwedi yotha kusintha zolembedwa kale, chifukwa nthawi zina vuto si kompyuta kapena wogulitsa. Pakatha masabata awiri mupemphe abwana kuti a kampani ya pulogalamuyo atulutse mndandanda wa malonda onse, umodzi umodzi ndi nthawi yake, osati chiwerengero cha pamodzi chokha. Pulogalamu iliyonse yolongosoka imasunga mndandanda umenewu. Muyang'ane mizere iwiri yofanana ndendende yotalikirana masekondi ochepa, ndiponso katundu wobwezedwa amene sanachotsedwe. Ngati mukudziwa anzanu ogulitsa m'mashopu ena a pulogalamu yomweyo, afunseni ngati nawonso anaperewerapo. Akakana abwana kuonetsa mndandandawo koma n'kumadulabe malipiro, ofesi ya boma ya zantchito ya m'boma la Blantyre imamva madandaulo a kudulidwa malipiro, ndipo mukapite ndi kope lanulo pamodzi ndi mapepala a malipiro a miyezi iwiri ija.